Kochi naye amaphunzitsidwa: mbiri ya aphunzitsi a mpira kuchokera ku Domasi kufika ku Balaka

Mu Okutobala 1962 timu ya Ghana idafika ku Nyasaland n'kumwetsa anyamata akuno zigoli 12 kwa duu. Mpaka lero palibe timu ina yomwe idakunthapo dziko lino moposa pamenepo. Sikuti anyamatawo adali ofooka kapena osadziwa kuthamanga ndi mpira. Adakumana ndi anzawo omwe adali ndi munthu wowakonza. Chaka chotsatira Ghana yomweyo idatenga chikho cha Africa motsogozedwa ndi C.K. Gyamfi, mwana wa dzikolo, yemwe adali atakasewera ndi kuphunzira mpira ku Germany. Kuno kochi adali aliyense wokhala ndi wezulo ndi mawu okweza.

Kuyambira nthawi imeneyo Amalawi akhala akufunsana kuti timu ya dziko ipatsidwe kwa yani, mzungu kapena mwana wakuno. Funso lomwe silimveka kawirikawiri pa wailesi ndi lakuti: nanga kochiyo, makamaka uja wa pa bwalo lafumbi ku Ntaja, ku Nselema kapena ku Ulongwe, amamuphunzitsa ndani?

M'dziko muno mpira udabwera ndi sukulu. Amishoni a ku Scotland ku Blantyre ndi ku Livingstonia adauona ngati njira yophunzitsira mwambo ndi kumvera, ndipo mphunzitsi wa m'kalasi ndiye adali kochi, woyimbira komanso wosunga mpira m'kabati. Koma ku Kasupe, monga Machinga inkatchedwira kale, zinthu zidayenda mosiyana. Makolo ambiri achiyao achisilamu sadafune kutumiza ana awo ku sukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza chipembedzo, choncho sukulu zidali zochepa ndipo mabwalo ake adali otalikirana. Mpira udalowa kwambiri kudzera m'njira zina: kwa asilikali a ku Zomba, kwa amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ndi m'mbali mwa njanji yomwe idadutsa pa Balaka kupita ku Salima m'zaka za m'ma 1930. Ana okha adachita zotsalazo, kukulunga mpira wansanza, kenako wamapepala apulasitiki, n'kuika miyala iwiri ngati golo.

Izi sizitanthauza kuti deralo lidalibe luso lophunzitsa. Ku ndagala, nakanga ndiye amayendetsa mwambo wonse, koma mwana aliyense amakhala ndi lombwe wake womuyang'anira, wodziwa ngati wadya, ngati akuopa, ngati wasowa kwawo. Ovina beni nawo amadziwa kuti mzere suwongoka tsiku la gule ngati sunawongoledwe madzulo ambiri m'mbuyomo. Anthu a kuno adazindikira kalekale kuti kuphunzitsa gulu ndi ntchito ina, kusamala mtima wa mmodzimmodzi ndi inanso. Nzeru imeneyi sidafike pa bwalo la mpira chifukwa palibe adaiitanira kumeneko.

Chinthu china chofunika kuchikumbukira chidachitikira pafupi ndi malire a Machinga, ku Domasi. Mu 1929 boma la atsamunda, mothandizidwa ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America, lidatsegula Jeanes Training Centre. Sukuluyi sinkaphunzitsa ana. Inkatenga aphunzitsi odziwa kale ntchito, pamodzi ndi akazi awo, n'kuwasula kuti azikayendera sukulu za m'midzi. Woyenderayo ankakhala kumbuyo kwa kalasi, kuona m'mene mnzake akuphunzitsira, kenako n'kukambirana naye. Mafumu nawo ankabwera kudzachita maphunziro. Masiku ano mabungwe a zamasewera padziko lonse ali ndi dzina la munthu wotere, ndipo amawononga ndalama zambiri kumuphunzitsa: mphunzitsi wa makochi, yemwe sakhutira ndi kupereka satifiketi koma amatsatira wophunzira wake ku bwalo lake. Domasi idali kuchita zimenezi m'maphunziro zaka pafupifupi 100 zapitazo. Pamalo omwewo lero pali Malawi Institute of Education, yomwe imalemba masilabasi a sukulu, ndipo chapafupi pali Domasi College of Education.

Dziko litalandira ufulu, mpira udayamba kukhala ndi eni ake. Bungwe la Football Association of Malawi (FAM) lidakhazikitsidwa mu 1966, ndipo posakhalitsa lidalowa mu FIFA ndi CAF. Malawi National Council of Sports idabwera ndi lamulo la 1974. Makochi akunja adayamba kufika, koma yemwe dzina lake silichoka pakamwa pa achikulire ndi Ted Powell.

Powell sadali katswiri wotchuka wa ligi yaikulu ya ku England. Adali mphunzitsi, wophunzira ku Loughborough, koleji yodziwika posula aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi, ndipo mpira adausewera ngati wosalipidwa, ku matimu monga Wycombe Wanderers. Adatenga timu ya Malawi mu 1977. Mu 1978 Malawi idagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza n'kutenga chikho cha East and Central Africa pakhomo. Mu 1979 idakachiteteza ku Kenya pogonjetsa eni bwalo 3-2. Atabwerera kwawo, Powell adatsogolera timu ya England ya osapitirira zaka 18 kutenga chikho cha Ulaya mu 1993, ili ndi anyamata monga Paul Scholes, Robbie Fowler, Gary Neville ndi Sol Campbell. Munthu yemweyo, maiko awiri osiyana ngati usiku ndi usana, zotsatira zofanana. Luso lake lidali lophunzitsa.

Umboni wake waukulu si zikho ziwirizo ayi, koma anthu omwe adawasiya. Kinnah Phiri, Jack Chamangwana ndi Young Chimodzi onse adadzakhala makochi a timu ya dziko, Flames. Chamangwana adafika pophunzitsa Kaizer Chiefs ku South Africa ndi Young Africans ku Tanzania. Mphamvu ya m'badwo umenewo idapitirira Powell atachoka: Malawi idapita koyamba ku mpikisano wa Africa mu 1984 ku Côte d'Ivoire, idatenga mendulo ya malo achitatu pa All-Africa Games ku Nairobi mu 1987, n'kutenganso chikho cha East and Central Africa mu 1988. Chomwe sichidachitike ndi kulemba. Zomwe anthuwa ankadziwa zidakhala m'mitu mwawo ndi m'nkhani za pa benchi, osati m'buku loti mphunzitsi wa ku Nsanama angalitsegule.

Kunja, nthawi yonseyi, anthu adali kulemba. Mu 1898 Norman Triplett wa pa yunivesite ya Indiana adaona kuti opalasa njinga amathamanga kwambiri akamapikisana ndi anzawo kusiyana ndi pamene ali okha, ndipo adayesa kufufuza chifukwa chake. Mu 1925 Coleman Griffith adatsegula malo ofufuzira kaganizidwe ka osewera pa yunivesite ya Illinois, kenako timu ya baseball ya Chicago Cubs idamulemba ntchito ya ulangizi mu 1938. Ntchitoyo sidayende bwino chifukwa manijala wa timuyo sadamufune, vuto lomwe alangizi otere amakumana nalo mpaka pano. Bungwe la akatswiri a maphunzirowa padziko lonse lidabadwira ku Rome mu 1965.

Akatswiri nawo amalakwitsa, ndipo nkhani ya Brazil ya 1958 ndi yofunika kuidziwa aliyense wofuna kubweretsa maphunzirowa kumudzi. João Carvalhaes, katswiri wa kaganizidwe yemwe adapita ndi timuyo ku Sweden, adayesa osewera ndi mayeso ake n'kulangiza kuti Pelé, wa zaka 17, ndi Garrincha asasewere. Kochi Vicente Feola sadamvere. Awiriwo adasewera ndipo Brazil idatenga World Cup yake yoyamba. Mayesowo adayeza zina, osati zomwe anyamata okulira mu umphawi aja ankachita akakhala ndi mpira kuphazi. Mayeso olembedwa m'Chingerezi ku Ulaya akhoza kunamizanso chimodzimodzi mwana wa ku Chikweo yemwe amaganiza m'Chiyao.

Kafukufuku yemwe akukhudza kwambiri dera ngati Machinga ndi wa Ronald Smith ndi Frank Smoll a pa yunivesite ya Washington. Kuyambira m'ma 1970 iwo ankakhala m'mbali mwa mabwalo a ana, kulemba chilichonse chomwe kochi wachita mwana akalakwitsa kapena akachita bwino: wayamikira, wakalipa, wakonza, kapena wangokhala chete. Kenako adakonza maphunziro a maola ochepa chabe, ophunzitsa makochi ongodzipereka kuti aziyamikira khama, azikonza cholakwa mosanyoza, ndipo asamalange mwana chifukwa chophonya. Pa kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 1992, ana 5 okha pa 100 alionse ophunzitsidwa ndi makochi oterewa ndiwo adasiya masewera chaka chotsatira, pomwe kwa makochi osaphunzitsidwa adasiya 26 pa 100 alionse. Kupambana kwa matimuwo sikudasiyane kwenikweni. Chidasiyana ndi chiwerengero cha ana omwe adabweranso.

Aliyense amene adaimapo pa bwalo la kumudzi n'kumva mawu omwe mwana wa zaka 12 amalandira akaphonya penate angamvetse kulemera kwa manambala amenewo.

Ku Malawi, chingwe cholumikiza sukulu ndi masewera chidaduka m'zaka ziwiri zokha. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, a Malawi Young Pioneers ankatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa masewera olimbitsa thupi ndi kukonzekeretsa ana zionetsero za Youth Week. Njira zawo zidali zausilikali, zoopseza, ndipo ambiri samazikumbukira ndi chimwemwe. Komabe padali munthu yemwe ntchito yake idali yotulutsa ana pabwalo. Mu Disembala 1993 asilikali adathetsa gululo pa Operation Bwezani. Mu 1994 maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ana adakhamukira m'sukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba mwachangu aphunzitsi zikwizikwi osadutsa ku koleji. Mphunzitsi wokhala ndi ana opitirira 100 pansi pa mtengo sakanakhala ndi mphamvu zotsala za mpira madzulo. Pambuyo pake silabasi yatsopano ya pulayimale idaphatikiza masewera olimbitsa thupi ndi nyimbo, zojambula ndi zosoka m'phunziro limodzi la Expressive Arts, ndipo m'sukulu zambiri gawo la masewera lidasanduka notsi za pa bolodi.

Malo omwe mphunzitsi adasiya adatengedwa ndi ena. Kochi wa lero ku Nayuchi kapena ku Phalula nthawi zambiri ndi yemwe adasiya kusewera chifukwa cha bondo, kapena wakabaza wokonda mpira, kapena mwini golosale yemwe adagula yunifolomu. Salipidwa. Amaphunzitsa momwe iye adaphunzitsidwira, kuwonjezapo zomwe waona m'nyumba yoonetsera mpira wa ku England pa msika. Mipikisano yake ndi mabonanza ndi zikho za aphungu, zomwe zimachuluka chisankho chikayandikira n'kuzimiririka mavoti akawerengedwa. Mu mpikisano wa masabata awiri, wopambana atenge ndalama, palibe chifukwa choseweretsera mwana wamng'ono wofunika zaka zitatu kuti akhwime. Mumabwereka zimphona za m'mudzi woyandikana nawo. Anthuwa si oyenera kunyozedwa: popanda iwo mpira m'maboma awiriwa, momwe kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 735,000 ku Machinga ndi opitirira 438,000 ku Balaka, ukadatha kalekale. Koma adasiyidwa okha.

Kumtunda, pa ukochi wa timu ya dziko, kudali kusinthasintha. Kim Splidsboel, Alan Gillett, Burkhard Ziese, Stephen Constantine, Tom Saintfiet, Ronny Van Geneugden: aliyense adabwera ndi kaseweredwe kake, ambiri adachoka asanaone mwana mmodzi akukula. N'zochititsa chidwi kuti masiku osangalatsa kwambiri adabwera ndi ophunzira a m'badwo wakale. Kinnah Phiri adalowetsa Bullets mu ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004, ali ndi Flames adagonjetsa Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium mu 2008, ndipo pa 11 Januwale 2010 ku Angola timu yake idathira Algeria zigoli zitatu kwa duu. Ku Cameroon mu 2022, Mario Marinica atapezeka ndi Covid-19, Meck Mwase ndiye adali pa benchi pamene Flames idagonjetsa Zimbabwe 2-1, chipambano chomwe chidathandiza kuifikitsa koyamba mu ndime ya matimu 16.

Maphunziro a ukochi alipo tsopano, ndipo apa FAM iyenera kuyamikiridwa. Pali makwerero omveka: laisensi D yoyambira, kenako C, B ndi A za CAF, ndipo pamwamba pali Pro. Ku Chiwembe, mu Limbe, kuli Mpira Village yomangidwa ndi thandizo la FIFA, komwe maphunziro ambiri amachitikira. John Kaputa, yemwe adapita ndi timu ya osapitirira zaka 17 ku World Cup ya ku Nigeria mu 2009, adakhala zaka zambiri akuyang'anira ntchito yosula makochi. Palinso bungwe la makochi, National Football Coaches Association. Timu ya mu Super League siloledwanso kuika pa benchi munthu wopanda mapepala.

Vuto ndi zomwe zimachitika satifiketi ikalandiridwa. Mu 2009 Jean Côté ndi Wade Gilbert, ataunika kafukufuku wambiri, adalemba kuti kochi waluso amaima pa nzeru zitatu: kudziwa masewerawo, kudziwa kukhala ndi anthu, ndi kudzidziwa yekha, kutanthauza kutha kuunika ntchito yake n'kusintha. Maphunziro a masabata ochepa amakwanitsa bwino yoyamba. Munthu amabwerako akudziwa 4-3-3 ndi kayalidwe ka makoni. Ziwiri zinazo zimakula pang'onopang'ono, pamene wina wodziwa akuonera ndi kufunsa mafunso, monga ankachitira aphunzitsi oyendera a ku Domasi. Ku Loughborough komwe Powell adaphunzira, Sophia Jowett wathera zaka zambiri akuonetsa kuti ubale wa kochi ndi wosewera, kukhulupirirana ndi kumvana kwawo, ndiwo umanyamula zina zonse. Kochi wa ku Mpiri akabwerako ku Limbe, palibe amabwera Lachitatu madzulo kudzaona ngati zomwe adaphunzirazo zikugwira pa bwalo lokhala ndi mpira umodzi ndi ana 40.

Za m'mutu mwa wosewera, mpira wa Malawi sudazinyalanyaze konse. Udangozipereka kwa anthu ena. Timu yokana kulowera pa geti n'kudumpha mpanda, mkulu wothira madzi osadziwika pa golo, osewera oletsedwa kupereka moni kwa adani: zonsezi ndi njira zolimbana ndi mantha. Akuluakulu a ligi akhala akulipiritsa matimu chindapusa chifukwa cha zamatsengazi, koma sizitha, chifukwa manthawo ndi enieni. Mnyamata amene banja lonse likudikira bonasi yake sagona tulo usiku wa Lachisanu. Sing'anga amampatsa chochita ndi manja ake ndi chifukwa chokhulupirira kuti mawa zikhala bwino. Katswiri wa kaganizidwe amaphunzitsa kupuma mwadongosolo, kuona masewera m'maganizo asanayambe, mawu odziuza ukalakwitsa, ndi chizolowezi chochita usanamenye penate. Kusiyana kwake n'kwakuti njira yachiwiriyi imasiya mphamvu mwa wosewerayo, ndipo timu ikagonja sipakhala mfiti yoisaka pakati pa anzake.

Kuti mutu ukatentha zimatha bwanji, anthu a ku Balaka adadzionera okha. Kumapeto kwa 2013, masewera a Silver Strikers ndi Mighty Wanderers pa Balaka Stadium adathera m'chipwirikiti ndipo wochemerera mmodzi adamwalira. Zifukwa zidali zambiri, kuphatikizapo chitetezo. Koma aliyense wodziwa bwalo amadziwa kuti ochemerera amawerenga nkhope ya benchi. Kochi akalumphira woyimbira, anthu zikwi amamva kuti aloledwa. Kudzigwira kwa munthu mmodzi ameneyo ndi luso lophunzirika, ndipo liyenera kuyesedwa monga momwe amayesera kayalidwe ka osewera.

Dziko lino lili ndi akatswiri a kaganizidwe ochepa kwambiri, ndipo ambiri ali otanganidwa ndi odwala ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi m'zipatala zikuluzikulu. Palibe angayembekeze kuti timu ya ku Liwonde ilemba wake. N'chifukwa chake nzeruyi iyenera kudutsira mwa kochi. Chiwoza Bandawe wa ku Kamuzu University of Health Sciences wakhala akulemba kwa zaka zambiri kuti maphunziro a kaganizidwe kuno ayenera kumangidwa pa umunthu, pa munthu monga mwana wa banja ndi mudzi, osati ngati chilumba. Pa mpira mfundoyi ndi yooneka ndi maso. Wosewera wa kuno sabwera pa bwalo yekha. Amabwera ndi malume ake omwe akufuna apite ku Joni, mayi ake omwe akufuna akalime, ndi mwezi wa Ramadan womwe m'matimu ambiri a ku Machinga umakhudza theka la osewera kapena kuposerapo. Buku lochokera ku Ulaya silinena nthawi yabwino yochitira masewera okonzekera kwa anyamata osala kudya m'nyengo yotentha ya chigwa cha Shire.

Kwa atsikana nkhaniyi ndi yolemera kwambiri. Ntchemberembaye ndiyo yakwezera dziko lino mbendera koposa masewera ena onse: timu ya dziko ya Queens idamaliza pa nambala 5 padziko lonse ku Auckland mu 2007, ndipo Mwawi Kumwenda adasankhidwa wosewera wopambana onse pa World Cup ya ku Sydney mu 2015. Makochi monga Griffin Saenda ndi Mary Waya adachita zimenezi ndi zipangizo zochepa zedi. Pa mpira wamiyendo, mu 2023 timu ya amayi, Scorchers ya Lovemore Fazili, idatenga chikho cha COSAFA pogonjetsa Zambia 2-1. Koma kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko muno adali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo Machinga idali m'gulu la maboma omwe chiwerengerocho chidali chokwera kwambiri. M'dera lotere, kochi yemwe amachititsa mtsikana kubweranso chaka chamawa akugwira ntchito yoposa ya masewera. Ndipo kochi yemwe sadaphunzitsidwe malire a ulamuliro wake pa mwana wamkazi ndi ngozi yomwe makolo ali ndi chifukwa chomveka choiopera.

Zipangizo zoyambira sizili kutali. Malawi University of Science and Technology ku Thyolo ili ndi digiri ya sayansi ya zamasewera, ndipo ophunzira ake chaka chilichonse amafuna mitu ya kafukufuku. Domasi College of Education imasula aphunzitsi a sekondale. Ku Liwonde kuli Machinga Teachers Training College, komwe achinyamata mazanamazana amadutsa asanatumizidwe ku sukulu za pulayimale za m'midzi, ndipo ambiri a iwo tsiku lina adzapatsidwa wezulo ndi ahedi popanda kufunsidwa ngati akudziwa chochita nayo. Malawi Schools Sports Association ili kale ndi aphunzitsi m'sukulu. Zomwe Smith ndi Smoll adachita sizidafune makina: anthu awiri, pepala, pensulo, ndi chilolezo chokhala m'mbali mwa bwalo. Wophunzira wa ku Thyolo kapena ku Domasi akhoza kukhala nyengo imodzi pa mabwalo khumi a pakati pa Ntaja ndi Utale, kulemba zomwe makochi amanena m'Chiyao ndi m'Chichewa mwana akataya mpira, kenako n'kubwereranso chaka chotsatira kukawerenga ana omwe akadali m'timu, anyamata padera, atsikana padera.